Dzimbiri ndi sitima za pa nyanja yathu

Njanji itafika ku Salima mu 1935, Chipoka idakhala malo amene sitima ya pamtunda imakumanirana ndi ya pamadzi. Pa sitima zonse zimene zakhala zikukocheza padokoli, yodziwika kwambiri ndi Ilala, imene kampani ya Yarrow idapanga ku Scotland mu 1949, nkubwera nayo zidutswazidutswa kudzailumikiza ku Monkey Bay, ndipo idayamba maulendo mu 1951. Ambiri amati chimene chaisunga zaka zoposa 70 ndi madzi a nyanja ya Malawi, poti ngopanda mchere. Mfundoyi njoona, koma njoperewera, ndipo tikaikhulupirira kwambiri tidzataya zitsulo zathu.

Chitsulo chimachita dzimbiri chikakumana ndi madzi pamodzi ndi mpweya. Mchere umangofulumizitsa ntchitoyo, chifukwa madzi amchere amayendetsa bwino mphamvu yamagetsi imene imagumula chitsulo pang'onopang'ono, komanso amaboola kakhungu kotetezera kamene kamamera pamwamba pake. M'nyanja zikuluzikulu ngati Indian Ocean, lita imodzi ya madzi imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35, pamene m'nyanja ya Malawi safika ndi galamu imodzi yomwe. Palinso layimu wosungunuka m'madzi, yemwe uja amayeretsa m'kati mwa ketulo. Iyeyu ali pawiri. Akagwira mopyapyala pachitsulo chomira, makamaka pamene amisiri amangirirapo zidutswa za zinki kuti dzimbiri lidye zinkiyo m'malo mwa sitima, amatchinga mpweya ndipo chitsulo chimapuma. Koma akaunjikana m'thanki yowiritsira madzi ya sitima yoyendera nthunzi, moto umavutika kufika kumadzi, nkhuni zimatha zambiri, chitsulonso chimatentha mopyola nkufooka.

Amene amati madzi opanda mchere saononga chitsulo akumbuke za Ma Robert, sitima imene David Livingstone adabwera nayo mu 1858. Idayenda mu Zambezi ndi mu Shire, madzi omwe anthu amamwa, koma pofika kumapeto kwa 1860 inali itabookabooka mpaka adaisiya itamira. Zitsulo zake zinali zopyapyala kwambiri, ndipo mchenga wa m'mitsinjemo unkazipala nthawi zonse. Yerekezani ndi Chauncy Maples, ya amishoni a UMCA, imene idalowa m'nyanjayi mu 1901. Zidutswa zake adazimata zinki zisanachoke ku Glasgow, moti manambala osonyeza polumikizira adafufutika, amisiri nkuvutika nayo nthawi yaitali. Komatu sitimayo idayandama zaka zoposa 100. Madzi anali amtundu umodzi. Chidasiyana ndi makulidwe a chitsulo ndi chitetezo chake.

Wina anganene kuti zimenezi ndi mbiri yakale, penti wamakono adathetsa vutoli. Pentiyo ngwabwinodi, koma sadzipaka yekha. Sitima iyenera kutulutsidwa m'madzi, kupalidwa, kuyezedwa makulidwe a zitsulo ndi kusinthidwa zinki, ndipo ntchito imeneyi, yochitikira ku Monkey Bay, ndiyo yatalikitsa moyo wa Ilala. Zitsulo za padoko ndiye zili pangozi yaikulu, chifukwa sizingakokeredwe kumtunda. Dzimbiri limalusa kwambiri pamene madzi amalekezera, pomwe chitsulo chimanyowa nkuuma tsiku ndi tsiku, mafunde a mwera nkumachimenya ndi mchenga. Pa nyanja yathu malo amenewa sakhazikika. Zaka zina madzi amaphwa mpaka sitima kulephera kufika padoko la Chipoka, pamene mu 2024 adakwera nkulowa m'malo ogona alendo ku Senga Bay. Choncho chigawo cha chitsulo chimene dzimbiri limadya chimatalika, ndipo ndalama zokonzera doko zikachedwa, mtengo wa ntchitoyo umakwera chaka ndi chaka.