Kodi Imfa Sisankhadi?

Omvera athu, pamaliro timakonda kunena kuti imfa sisankha. Komatu mbiri ya kwa Kaphuka, m'boma la Dedza, ikutiuza zina. Kale amuna osauka ankapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela kuti apeze ndalama za msonkho. Ena anabwerako ndi chifuwa chachikulu, namwalira asanakalambe. Pa njala ya 2002, andalama anagula chimanga, pamene opanda kanthu anadya gaga ndi zitsa za nthochi, ena natsikira kulichete. Edzi itavuta, mankhwala otalikitsa moyo ankapezeka m'mizinda, ogula, kufikira boma linayamba kuwapereka ulere mu 2004. Kuyambira pamenepo maliro a makolo anayamba kuchepa m'midzi. Imfa imafikadi kwa aliyense, koma kwa mmphawi imafulumira.