Mbiri ya Mauthenga a pa Nthawi ya Ngozi mu Mzinda wa Durban

Mzinda wa Durban, umene unapatsidwa dzinali mu 1835, unakula chifukwa cha doko, ndipo njira zake zoyamba zochenjezera anthu zinali zokhudza nyanja. Pa chitunda cha Bluff, chomwe chili pakhomo pa dokolo, panali malo okwezera mbendera zouza oyendetsa sitima ngati mchenga wotseka khomolo unali wowolokeka, ndipo mu 1867 panayatsidwa nsanja younikira sitima usiku. Uthenga wa mtundu umenewu unkathera pamene maso athera, ndipo tsiku la nkhungu kapena la mvula yamphamvu, lomwe ndi tsiku la ngozi, sunkaoneka n'komwe.

Waya wa telegalamu unalumikiza Durban ndi Pietermaritzburg mu 1864, koma mzindawu unakhalabe wosalumikizana ndi maiko a kutsidya kwa nyanja kufikira nkhondo itaonetsa kuipa kwa uthenga wochedwa. Asilikali a Britain atagonja kwa Azulu ku Isandlwana pa 22 Januwale 1879, mbiriyo inatenga pafupifupi milungu itatu kuti ifike ku London, popeza mbali ina ya ulendo wake inayenda pa sitima. Chaka chomwecho chisanathe, waya wodutsa pansi pa nyanja unayalidwa kuchokera ku Durban kudzera ku Delagoa Bay, chilumba cha Mozambique ndi Zanzibar mpaka ku Aden. Chimene chinafulumizitsa ntchitoyi chinali nkhawa ya atsamunda pa ulamuliro wawo, osati moyo wa anthu wamba, ndipo tsankho lomweli linapitirira m'zaka zotsatira: khonsolo ya mzindawu inali ndi apolisi akeake kuyambira mu 1854, ndipo inayendetsa lamya zakezake kufikira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, koma lamyazo zinachuluka m'madera a azungu pamene m'malokeshoni monga Umlazi ndi KwaMashu zinali zosowa. Munthu wa kumeneko ankayamba wathamanga kukafuna lamya asanaitane ambulansi.

Apolisi, ozimitsa moto ndi a ambulansi anadzayamba kudalira mawailesi olankhulirana, amene munthu amadina batani n'kulankhula, gulu lonse n'kumva nthawi imodzi. Mawailesiwa ndi olimba ndipo amayenda pa mafunde awoawo, kutanthauza gawo la mlengalenga limene boma limapatula kuti ena asalowererepo, koma amanyamula mawu okha kapena uthenga wochepa kwambiri. Chithunzi cha mlatho wogumuka, mapu a mapaipi a madzi, kapena kanema wochokera pa kandege kopanda woyendetsa, zonsezi zimafuna intaneti yothamanga ya m'manja, imene ku South Africa inadza kudzera m'makampani a malonda monga Vodacom ndi MTN, omwe anatsegula netiweki zawo za mafoni mu 1994. Nambala za 10111 ya apolisi, 10177 ya ambulansi ndi 112 ya pa foni ya m'manja zinafika motero m'thumba la munthu wosauka, chomwe ndi chinthu chachikulu kwambiri m'mbiri yonseyi. Komabe opulumutsa anthu anayamba kugawana nsanja za mafoni ndi wina aliyense, ndipo nsanjazo zinamangidwa poyang'ana phindu la tsiku labwinobwino.

Kufooka kwa nsanjazi kunaonekera poyera kawiri motsatizana. Pa zipolowe za mu Julaye 2021, zomwe zinapha anthu oposa 350 m'zigawo za KwaZulu-Natal ndi Gauteng, nsanja zoposa 100 zinaonongedwa. Kenaka pa 11 ndi 12 Epulo 2022 kunagwa mvula yoposa mamilimita 300 m'madera ena m'maola 24 okha, anthu oposa 400 anafa, ndipo Vodacom inalengeza kuti nsanja zake pafupifupi 400 zasiya kugwira ntchito, pamene za MTN zinali pafupifupi 500. Zambiri mwa nsanjazi sizinagwe. Zinangozima chifukwa malo ogawira magetsi anamira, mabatire anatha mphamvu, mawaya a faiba okwiriridwa m'mbali mwa misewu anakokoloka pamodzi ndi misewuyo, ndipo amisiri onyamula majenereta analibe podutsa. Mabatire enanso anali atafooka kale ndi kuzimazima kwa magetsi, ena atabedwa. Anthu a ku Blantyre amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 akudziwa mmene kuzima kwa magetsi kumakokera pansi china chilichonse.

Maiko ena anayankha vutoli ndi lamulo. Dziko la United States, litaona kuti opulumutsa anthu analephera kumvana pa 11 Seputembala 2001, linakhazikitsa FirstNet mu 2012, netiweki yokhala ndi mafunde ake imene imapatsa ozimitsa moto ndi apolisi mwayi woyamba netiweki ikadzaza. Ku South Africa bungwe la ICASA, loyang'anira za mauthenga, linagulitsa mafunde pa mtengo wa marandi oposa 14 biliyoni mu Malichi 2022, kutangotsala mwezi umodzi kuti madzi asefukire, koma mafunde paokha sayatsa nsanja imene ilibe magetsi.

Chimene chinathandiza anthu a ku Quarry Road West, mudzi wa zisakasa wa ku Durban womangidwa m'mphepete mwa mtsinje wa Palmiet, chinali kukonzekera kwa zaka zingapo. Akatswiri a ku yunivesite ya KwaZulu-Natal, ogwira ntchito ku khonsolo ya eThekwini, yomwe imayendetsa mzinda wa Durban, ndi atsogoleri a mudziwo anali ndi gulu la WhatsApp lotumizirana za kuchuluka kwa mvula ndi kukwera kwa madzi kumtunda. Usiku wa pa 11 Epulo chenjezo linafika mafoni akadagwira, atsogoleriwo anadzutsa anthu khomo ndi khomo, ndipo ngakhale nyumba mazanamazana zinapita ndi mtsinje, anthu ochuluka zedi anali atasamukira kale kumtunda.