Milange ndi Majaua

Milange ndi tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, ndipo ndiyo likulu la boma la dzina lomwelo. Ili m'tsinde mwa phiri la Tumbine, makilomita ochepa chabe kuchokera pachipata cha Muloza m'boma la Mulanje ku Malawi. Boma la Milange lili ndi madera atatu a ulamuliro: Milange weniweni, Mongue ndi Majaua. Molumbo linali dera lachinayi, koma mu 2013 linapatsidwa boma lakelake. Majaua ili chakummwera, m'mphepete mwa mtsinje wa Ruo.

Kuchoka ku Milange kupita ku Quelimane, likulu la chigawo, ndi ulendo wa makilomita opitirira 300 kudzera ku Mocuba. Kupita ku Blantyre ndi makilomita ongopitirira pang'ono 100. Kutalika kwa njira ziwirizi ndiko kwaumba khalidwe la tauniyi kuposa china chilichonse. M'maofesi ndi m'sukulu mumamveka Chipwitikizi, koma pamsika anthu amatsatsa ndi kunenerera mitengo m'Chichewa, m'Chilomwe ndi m'Chimarenje, ndipo wamalonda wa kuno amadziwa mtengo wa kwacha monga adziwira wa metikali.

Chiyambi cha malire

Azungu asanagawane dzikoli, njira za amalonda a minyanga ndi akapolo zinkadutsa mbali ino ya phiri la Mulanje polowera kugombe la Quelimane. Mu 1889 asilikali a Portugal otsogoleredwa ndi Serpa Pinto anamenyana ndi Amakololo kuchigwa cha Shire, ndipo pa 11 January 1890 Britain inalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake m'deralo. Pangano la mu 1891 ndilo linakhazikitsa malire amene alipo lero: amatsata mtsinje wa Muloza, kenaka Ruo mpaka pamene umathira mu Shire ku Chiromo. Amene anasaina panganoli sanafunse midzi ya m'mbali mwa mitsinjeyi. Mabanja a fuko limodzi anapezeka akukhomera msonkho maboma awiri, pamene mtsinje wowalekanitsa munthu amawoloka ndi miyendo m'malo ambiri nthawi ya chilimwe.

Apwitikizi anakhazikitsa boma lawo pa Milange, ndipo dothi lofiira ndi mvula ya m'tsinde mwa Tumbine zinakopa makampani a tiyi, monga zinalili ku Gurué ndiponso kutsidya ku Mulanje. Tiyiyo ankalimidwa ndi manja a anthu ogwidwa chibalo. Pothawa chibalocho, msonkho ndi nkhanza za asipayi (apolisi a atsamunda), Alomwe ambirimbiri anadutsa m'dera lino kulowa mu Nyasaland kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890 mpaka zaka makumi angapo zotsatira. Kumeneko anakapeza thangata m'maesiteti a Mulanje ndi Thyolo. Mabanja ambiri a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo akamafotokoza kumene makolo awo anachokera, njira yake imadutsa m'boma lomweli.

Nkhondo

Mozambique inalandira ufulu pa 25 June 1975, koma ku Milange mtendere sunakhalitse. Boma la Frelimo linachotsera mafumu mphamvu ndi kulimbikitsa anthu kusiya mabwinja awo kukakhala m'midzi yatsopano ya pamodzi, zimene alimi ambiri sanagwirizane nazo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 gulu la zigawenga la PRM, limene pambuyo pake linatsogoleredwa ndi Gimo Phiri, linayamba kuchita ziwembu m'dera lino, ndipo mu 1982 linaphatikana ndi Renamo, gulu lina lolimbana ndi boma.

Chaka choopsa chinali 1986. Mu September Pulezidenti wa Mozambique Samora Machel anapita ku Blantyre pamodzi ndi Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe kukachenjeza Kamuzu Banda kuti Malawi asamasunge Renamo. Pasanathe masabata ambiri Renamo inalanda matauni angapo a m'malire, kuphatikizapo Milange, ndipo pa 19 October Machel anafa pangozi ya ndege ku Mbuzini. Asilikali a boma analandanso tauniyi mu 1988, atapeza nyumba zambiri zili zigoba, malata ndi zitseko zitazulidwa. Anthu anali atathawira ku Muloza ndi m'midzi ina ya ku Mulanje, ena kwa abale awo, ena m'misasa ya othawa kwawo. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Malawi anali ndi othawa nkhondo a ku Mozambique opitirira 1 miliyoni. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo ambiri anabwerera m'zaka zitatu zotsatira.  Tiyi ndiye sanabwererenso mwakale.

Phiri ndi madzi

Phiri la Tumbine, lotalika mamita opitirira 1,500, ndi laling'ono poyerekeza ndi Sapitwa wa ku Mulanje wa mamita 3,002, koma ndilo limapatsa tauniyi madzi ndi nyengo yozizira. Mu January 1998, mvula itagwa kwa masiku angapo, mbali ina ya phirili inagumuka, ndipo matope ndi miyala zinakwirira nyumba ndi kupha anthu ambiri. Anthu a mbali zonse za malire amati zoterezi ndi Napolo akusamuka, monga ananenera za ngozi ya ku Phalombe ya mu 1991. Akatswiri amatchulanso kulima ndi kudula mitengo m'mapiri otsetsereka. Chaka chomwecho cha 1998 Milange inakhala imodzi mwa makhonsolo 33 oyamba m'dzikomo kusankha okha atsogoleri awo. Madzi osefukira anavutanso derali mu January 2015, ndiponso pa namondwe Freddy mu March 2023.

Malonda

Chuma cha Milange lero ndi ulimi wa alimi ang'onoang'ono: chimanga, nandolo, nyemba, soya ndi fodya. Kummwera kwa Malawi anthu ndi othithikana ndipo minda ndi yaing'ono. Tsidya lino malo alipo. Choncho ikakwana nthawi yokolola, chimanga chimalowera ku Muloza, kwinanso kudzera m'madooko opanda ofesi. Amachinyamula ndi anyamata a njinga zakapalasa. Njinga zake amaziwonjezera zitsulo pakaliyala ndi masipoko olimba, n'kumangirira matumba awiri kapena atatu ndi zingwe za mphira. Pokwera chitunda mwini wake amatsika n'kumakankha, thukuta lili kamukamu. Pobwerera amatenga shuga, sopo, feteleza ndi ziwiya zapulasitiki. M'zaka za njala ku Malawi njinga zimenezi zadyetsa mabanja osawerengeka, ndipo ntchito yake siilemekezedwa monga iyenera.

Msewu wa Milange–Mocuba, wa makilomita pafupifupi 190, unaikidwa phula ndi thandizo la European Union m'zaka za m'ma 2010, zimene zinafupikitsa ulendo wa kugombe.

Majaua

Majaua siinapindule kwenikweni ndi phulalo. Ndi kamalo ka ofesi ya boma, chipatala chaching'ono, sukulu ndi msika, ndipo misewu yake ya fumbi imavuta kwambiri m'dzinja. Kwa anthu ambiri a m'mphepete mwa Ruo, kuwoloka mtsinje pabwato kukagula, kukagulitsa kapena kukaona abale ku Malawi n'kwapafupi kuposa kupita kulikulu la boma lawo. Chodziwika nacho kwambiri ndi makina ang'onoang'ono opukusa magetsi ndi madzi a Ruo, amene analipo nthawi ya atsamunda, n'kuwonongeka pa nkhondo. Bungwe la boma la FUNAE linawamanganso ndi thandizo la European Union kuti midzi yakutali ndi mawaya a dziko lonse ipeze magetsi a m'nyumba, m'chipatala ndi m'zigayo. Madzi osefukira a mu 2015 anawononga mbali ina ya ntchitoyi, ndipo panafunika kukonzanso.