Apilo

Mawu akuti apilo, amene anatifika pamodzi ndi makhoti a atsamunda, amatanthauza kukadandaula kwa woweruza wamkulu pamene munthu sanakhutire ndi chigamulo cha wamng'ono. Komatu mwambo wake si wachilendo kwa ife, pakuti mlandu wokanika pa bwalo la nyakwawa unkakwera kwa mfumu yaikulu, ndipo ngakhale mtumwi Paulo, ataimirira pamaso pa Festo, anapempha kuti nkhani yake ikamveke kwa Kaisara.

Ku America, m'nthambi ya boma yotchedwa Small Business Administration, imene inakhazikitsidwa mu 1953 kuti ichirikize mabizinesi ang'onoang'ono, muli ofesi yomva madandaulo otere kuyambira 1983, ndipo mkulu woiyang'anira, pamodzi ndi oweruza ake, sapereka ngongole kwa wina aliyense, koma amaunika ngati anzake a m'nthambi momwemo anagamula molungama. Umenewu ndi udindo wolemera ndithu, popeza kudzudzula wa m'nyumba mwako kumafuna mtima wosaopa nkhope ya munthu. Wamalonda amene wauzidwa kuti kampani yake yakula kupyola muyezo, mwina chifukwa antchito ake aposa 500, monga malire alili m'mafakitale ambiri, nalandidwa nawo mwayi wa ntchito zimene boma limasungira ochepa mphamvu, ali ndi masiku 15 okha oti adandaule, ndipo ngakhale makolo athu ankati mlandu suola, kumeneko wochedwa amapeza khomo lotseka.

Apilo si kuzenganso mlandu kuchokera pachiyambi, ayi. Wodandaulayo ayenera kuloza poyera pamene woweruza woyamba anaphonya, kaya pa lamulo, kaya pa umboni umene unali kale pamaso pake.