Mpeni wa m'thumba (Nyanja ya Chiuta)

Mpeni wa m'thumba ndi kampeni komwe asodzi a ku Nyanja ya Chiuta, m'boma la Mecanhelas ku Mozambique ndi tsidya la Machinga ku Malawi, amayenda nako podula zingwe, posoka ukonde ndi potumbula milamba ndi makumba. Wachikale ndi wosula pamanja, wa chigwiriro cha mtengo; supindika, choncho umakhala m'chimake kapena kukulungidwa pansanza. Mwa mipeni yopinda ya m'sitolo, wotchuka kum'mwera kwa Africa ndi Okapi, womwe unayamba kupangidwa ku Solingen, Germany, mu 1902, kenako ku South Africa kuyambira 1988. Chitsulo chake chimanoleka msanga, koma chimachitanso dzimbiri msanga chikagona chonyowa.

Ponola, mwala wosalala amauthira madzi, mpeni n'kuupendeka pang'ono, kuukhuza mbali zonse ziwiri mofanana mpaka chala chimve kaminga m'mphepete. Kamingako amakachotsa pokhuza mopepuka pachikopa. Tupa ndi ya mpeni wobenthuka basi, chifukwa imadya chitsulo. Mpeni wobuntha ndiwo woopsa kwambiri: umaterereka pakhungu la mlamba n'kucheka dzanja. Akatha ntchito amautsuka, kuupukuta, ndi kudonthezera mafuta popindikira.