Kaundula wa mtima woima: kuchokera ku Utstein kufika ku Chongwe

Kale madokotala ankakangana pachabe. Wa mumzinda wina ankati akupulumutsa anthu ambiri amene mtima wawo waima mwadzidzidzi, wina nkumadandaula kuti kwawo opulumuka ndi ochepa. Chonsecho woyambayo ankangowerengera okhawo amene anafikidwa msanga, pomwe mnzakeyo ankalemba aliyense wopezeka ali gone. Zinali ngati kuyerekeza zokolola wina akuyeza ndi ndowa, wina ndi thumba.

Mu June 1990 akatswiri a ku Ulaya ndi America anakumana kunyumba yakale ya amonke ya Utstein, pafupi ndi Stavanger ku Norway, nagwirizana zomafunsa mafunso amodzimodzi. Malangizo awo anatuluka mu 1991, ndipo okhudza odwala ogonekedwa m'chipatala anatsatira mu 1997. Mafunsowo ndi osavuta. Kodi alipo anamuona akugwa? Inali nthawi yanji? Alipo anayamba kumupsinja pachifuwa? Makina anapeza mtima ukunjenjemera kapena uli zii? Anatuluka m'chipatala wamoyo? Kaundula wa CARES, amene anayamba ku America mu 2004, amatsata njira yomweyi.

Ku Zambia kulemba za odwala pakompyuta kunakula ndi SmartCare, imene inayambira pa omwa ma ARV. Lero National Heart Hospital, chipatala cha mtima cha dziko lonse, chili m'boma la Chongwe, pafupi ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda. Koma makina ndi nyumba zokongola sizilemba zokha.

Vuto lagona apa: mayankho a mafunso atatu oyambirira sali ndi dokotala. Ali ndi mayi amene anaona amuna awo akugwa kumunda, nayamba kuwathira madzi, kenaka kuthamangira galimoto pamsewu wa Great East. Akafika mochedwa, papepala pamangolembedwa zilembo zitatu, BID, kutanthauza kuti munthu wafika atamwalira kale. Abale amangoti "ndi BP", mwina nkumanong'ona za mfiti, nkhani nkuthera pomwepo. Imfa yotere siphunzitsa aliyense kanthu, ndipo okonza bajeti ya ambulansi saiona.

Choncho abale anga a ku Chongwe, wina akagwa pamaso panu ndipo sakupuma, itanani thandizo, psinjani pakati pa chifuwa mwamphamvu osalekeza, wina ayang'ane nthawi pafoni. Nesi akakufunsani, muuzeni ola ndi mphindi zake.