Katemera wa agogo a ku South Korea, ana atapita ku Seoul

Kwa zaka mazana ambiri ku Korea, funso loti nkhalamba ikakhala kuti silinkafunsidwa n'komwe. Mwana wamwamuna woyamba kubadwa ndiye ankatsala pakhomo, kapena kutenga makolo n'kukhala nawo. Chiphunzitso cha Confucius chinkatero, ndipo lamulo la hoju, loika mwamuna kukhala mutu wa banja m'kaundula wa boma, linkachirikiza mwambowu. Koma amene ankaphika phala ndi kukhala maso usiku agogo akadwala anali mkazi wa mwanayo, mpongozi, yemwe mbiri simutchula kawirikawiri.

Mafakitale ndiwo anagwedeza zonsezi. Mu ulamuliro wa Park Chung-hee, kuyambira m'ma 1960, achinyamata anasiya minda ya mpunga n'kukhamukira m'mizinda. Anthu a mu Seoul, amene sankafika 3 miliyoni mu 1960, anapitirira 10 miliyoni pofika 1990. Nyumba zosanjikizana za m'tauni zinamangidwira bambo, mayi ndi ana. Makolo anatsala kumudzi awiriwiri, kenako mmodzi akatsikira kulichete, winayo ankatsala yekha. Lamulo la hoju linatha mu 2008, chaka chomwenso boma linayambitsa inshuwalansi yosamalira okalamba ofooka.

Apa m'pamene nkhani ya chimfine ikulowa. Kwa munthu wa zaka 75, chimfine cha m'nyengo yozizira chimatha kusanduka chibayo, ndipo wokhala yekha alibe womumva akutsokomola usiku. Mu 1997 boma linaika katemera wa chimfine pa ndondomeko yake ya dziko lonse, ndipo kuyambira 2005 aliyense wa zaka 65 kupita m'tsogolo ankabayitsa ulere m'zipatala zazing'ono za boma zotchedwa bogeonso. Vuto linali mizere. Nkhalamba zinkalawirira mbandakucha, n'kuima panja mphepo ya Okutobala ikuwomba, kudikira jakisoni woziteteza ku matenda a m'chifuwa!

Mu 2015 ntchitoyi inafalikira ku zipatala zomwe si za boma, moti agogo amangopita kwa dokotala wapafupi yemwe amawayeza BP. Masiku obayira anagawidwa potengera zaka: oyamba ndi a zaka 75 kupita m'tsogolo, ena n'kumatsatira. Uthenga umayendanso m'ma gyeongnodang, nyumba zochezeramo okalamba zomwe zilipo zoposa 60,000, kumene amadyera limodzi nkhomaliro n'kufunsana kuti ndani sanabayitse. Lero okalamba pafupifupi 8 mwa 10 alionse amalandira katemerayu, chiwerengero chimene maiko ambiri olemera sachifika.

Chikhulupiriro cha anthu pa katemerayu chinayesedwa mu 2020, malipoti atamveka oti anthu ena amwalira atabayitsa. Bungwe la boma lolimbana ndi matenda la KDCA, motsogozedwa ndi Jeong Eun-kyeong, linafufuza imfazo n'kunena kuti silinapeze umboni woti katemera ndiye wawapha, ndipo ntchito inapitirira. Ofunika katemerayu akuchulukirachulukira: mu Disembala 2024, boma linalengeza kuti munthu mmodzi mwa 5 alionse m'dzikomo wakwanitsa zaka 65.